Zimene Sindinawauze Alamu za Kalavani

Ku Qatar kukayamba kuzizira, chakumapeto kwa chaka, anthu a ndalama zawo amathawa m'tauni n'kukamanga misasa m'chipululu. Amatenga chilolezo, amapatsidwa malo, ndiye amasamutsirako matenti, majenereta ndi makalavani, n'kusiya zonsezo komweko mpaka dzuwa lidzayambenso kuluma. Eni akewo amangopitako Lachinayi madzulo n'kubwerako Loweruka. Masiku otsalawo pamsasa pamafunika munthu woyang'anira katundu, ndipo kwa bwana wanga munthu ameneyo, nyengo zitatu zotsatizana, ndinali ine.

Kalavani ya bwana sinali yochita kukoka ndi galimoto ina ngati zambiri za kumeneko. Inali ndi injini yakeyake, nyumba yathunthu yoyenda pa matayala. Munali kakhitchini ka mbaula ya gasi, filiji, bafa, chimbudzi, pabalaza pa mipando yofewa, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali chipinda cha bwana ndi madamu, cha chitseko chokoka cham'mbali. Pamwamba pa mpando wa dalaivala panali kabedi kopapatiza, ndipo ndi pamene bwana anandilozera tsiku loyamba kuti ndizigona.

Kuti mumvetse chimene kalavaniyo inali kwa ine, muyenera kudziwa kumene ndinkachokera. Miyezi ina yonse ya chaka ndinkagona ku Al Mansoura, m'chipinda chimene bwana ankagonekamo antchito ake, amuna asanu ndi mmodzi pa mabedi osanjikizana. Wina akutsokomola, wina akukangana ndi mkazi wake pafoni, wina wayanika masokosi pa chitsulo cha bedi lako. Kubafa kunkakhala mzere ngati kuchigayo. Munthu wamkulu, wa ana atatu kumudzi, unkasintha thalauza utafunda bulangete. Ndiye tangoganizani kuchoka pamenepo n'kukapezeka m'chipululu ndekhandekha, chitseko chotseka ine, ketulo yowira nthawi imene ndafuna ine. M'mawa ndinkatulutsa mpando n'kukhala panja ndi tiyi, nyanja ili chapoteropo, wondituma palibe. Sindinalemerepo chibadwire, koma ndikudziwa mmene kulemera kumamvekera m'thupi.

Alamu anga ndinawabweretsa ndine ku Doha, ndipo n'zimene zimandiwawa kwambiri. Ndi alongo ake a mkazi wanga, oyamba kubadwa m'banja mwawo, mlimi wa ku Mchinji amene fodya anawatopetsa. Bwana atafuna munthu wothirira maluwa ndi kutsuka magalimoto, ndinawatchula ine, mapepala awo ndinathamanga nawo ine, kubwalo la ndege ndinakawalandira ine. Ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukawaseka, amaseka nawe limodzi. Chingerezi chawo chinali cha kuvomera ndi kuthokoza basi, moti nditawaona akupinda bondo popereka moni kwa mlonda wa pageti, ndinadziuza kuti awa sakhalitsa kuno.

Chaka chachinayi, nyengo ya misasa itayandikira, ine ndinali nditachapa kale mabulangete anga. Bwana anatiitana tonse awiri pakhonde. Amayankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu, ndipo sakonda kubwereza mawu.

"Ukaimike kalavani monga mwa nthawi zonse," anandiuza, "koma chaka chino atsala kumeneko ndi m'bale wakoyu. Umuphunzitse zonse, iwe ubwerere. Ana ayamba sukulu ziwiri zosiyana, mayi anga akufunika kuchipatala pafupipafupi, ndikufuna dalaivala pafupi. Akalephera, no problem, ubwererako iwe. Khalas, nkhani yatha."

Ndinati chabwino bwana, n'kumwetulira mokakamiza. Alamu anawomba m'manja pang'ono, kuthokoza chinthu chimene sanachimve bwinobwino. Nditawamasulira, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma alamu, si malo anu amenewa?" Ndinawayankha kuti malo ndi a bwana. Tsiku lonselo m'mutu mwanga munkangozungulira chinthu chimodzi, choti akalephera ndibwererako.

Tinanyamuka Lamlungu m'mawa kulowera kumwera, kudutsa Al Wakrah, mpaka pamene phula limathera. Pamenepo ndinaimika n'kutsegula sukulu. Ndisaname, ndinawaphunzitsa bwino. Nsanje inali ndithu, koma ndimakondanso kuti anthu aone kuti ndimadziwa, ndipo ziwirizi zinkalimbana masiku onse atatu amene ndinakhala nawo.

"Choyamba, alamu, musanaponde mchenga muzichotsako mpweya m'matayala. Osati wonse, koma mpaka tayala lichite kamimba pansipa. Tayala lolimba limadzikumbira dzenje. Pobwerera ku phula mupopenso, pampu yake ili m'kabati umu."

"Ndamva alamu."

"Chachiwiri, malo osalala, oyererako, ooneka ngati pabwalo pozira, musawakhulupirire. Pamwamba ndi nkhoko ya mchere, pansi pake ndi matope ngati kudambo nthawi ya dzinja. Chinyumba cholemera ngati ichi chikamira pamenepo, ngakhale mutaitana magalimoto anayi a Landa Kuruza kudzachikoka chimangowaseka."

Titafika pamalo athu ndinawaonetsa kaimikidwe. Chitseko chisayang'ane kumene kumachokera shamali, mphepo ya kumpoto chakumadzulo imene imanyamula mchenga. Pansi pa miyendo yochirikizira pamaikidwa matabwa, apo ayi miyendoyo imalowa mumchenga pang'onopang'ono mpaka nyumba kupendama. Kuti udziwe ngati yakhala bwino, sufunikira chipangizo cha mzungu. Umathira madzi m'mbale yafulati n'kuiika pansi pakati pa nyumba, madziwo amakuuza okha mbali imene yatsika. Ikapendama, filiji ya gasi imasiya kuziziritsa, madzi a m'bafa amadikha pakona, ndipo madamu amadandaula kuti mutu ukumuwawa.

Mathanki ndi atatu: la madzi abwino, la madzi a m'sinki ndi m'bafa, ndi la kuchimbudzi. Za thanki lachitatuli ndinawaphunzitsa mosangalala, poganiza kuti liwanyansa.

"Chotsekera chake chizikhala chotseka nthawi zonse. Mukachisiya chotsegula madzi amathawa, zinazo zimatsala n'kuuma ngati chulu, ndiye mudzakumba ndi dzanja lanu. Galimoto yopopa imabwera Lachitatu. Akamaliza, muthiremo ndowa ya madzi ndi mankhwala abuluuwa."

"Si nkhani alamu," anatero. "Ife tasenzapo manyowa pamutu."

Jenereta ndinawauza kuti izikhala patali, mbali imene mphepo ikupita, kuti utsi usalowe m'nyumba. Oyilo aziyang'ana m'mawa uliwonse, ndipo asamathire mafuta ili yotentha. Payipi ya gasi aziipaka thovu la sopo polumikizira, likatuwa timabaluni adziwe kuti ikudontha. Mbaula ya makala isalowe m'kati ngakhale kuzizire motani. Chinsalu cha mthunzi chimene chimatambasuka m'mbali mwa kalavani azichipinda akangoona mchenga wayamba kuyenda pansi, chifukwa mphepo ikachigwira imathyola mikono yake n'kung'amba ndi khoma lomwe.

Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti sankaiwala. Sankalemba paliponse, ankangogwira chinthucho ndi manja kawiri, basi chalowa. Jenereta itatsamwa tsiku lachiwiri, ine ndikufufuza buku lake, iwo anali atamasula kale sefa ya mpweya n'kuikuntha pabondo. Akuti imafanana ndi injini yothiririra imene ankabwereka kudimba. Ndinaima pambali manja ali m'thumba, ndikuona ufumu wanga ukupita kwa munthu wosadziwa kuti filiji imatsegukira mbali iti.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinachisunga. Padenga la chipinda cha bwana, pamwamba penipeni pa bedi, pali kazenera ka chivundikiro cha pulasitiki, kotsegula ndi kachogwirira kozungulira cham'kati. Loweruka lililonse asananyamuke, madamu ankakatsegula kuti chipinda chipite mphepo, n'kukoka chitseko, osakumbukanso. Ukaima pansi pafupi ndi kalavani sungakaone. Zaka zitatu zonse ndinkakatseka ine fumbi la magalimoto awo lisanathe.

Ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti alamu sangakatulukire okha, chifukwa cha mmene tinaleredwera tonsefe. Kuchipinda kwa akuluakulu, kumene bambo amagona ndi mayi, munthu wamkulu salowako. Ngakhale mwana wobadwa m'nyumba momwemo akangotha msinkhu amathera pakhomo, ngati akufuna kanthu amatuma kamng'ono kake. Tsiku loyamba lomwe, ndikuwazunguliritsa m'nyumbamo, titafika pa chitseko chokokacho alamu anaima patali n'kutembenuza nkhope.

"Uku ndiye kwa eni ake?"

"Eya."

"Chabwino, tazionera pomwepa."

Ine mwambo umenewo ndinali nditausiya pabwalo la ndege. Ndiulule lero, popeza zinadziwika kale: kabedi ka pamwamba pa dalaivala ndinagonapo sabata imodzi yokha. Kuyambira pamenepo, Loweruka mpaka Lachitatu, ndinkagona pa bedi la bwana, ndi mapilo ake onse anayi. Lachinayi m'mawa ndinkayala bwinobwino, kusalaza ndi dzanja, n'kupopera mafuta onunkhira. Manyazi ndinalibe. Ndinkati msana wanga wawayendetsera ana chaka chonse, ukuyenera matiresi abwino.

Ndinawasiya Lachitatu n'kubwerera ku Al Mansoura. Bedi langa lapansi anali atalanda kale mnzathu wina wa ku Chipata, poti ankadziwa kuti miyezi imeneyi sindikhalako, ndiye ndinakwera lam'mwamba ngati wobwera kumene.

Kenaka zithunzi zinayamba. Alamu sadzitama, koma mlonda wa msasa woyandikana nawo anawajambula atakhala pa mpando wanga uja, kapu m'manja, kalavani ikunyezimira kumbuyo, ndipo iwo anatumiza kwa mlongo wawo kuti aone kuti ali moyo. Mkazi wanga anazifalitsa mudzi wonse. Pondiimbira, moni weniweni panalibe.

"Inu bambo, mwaona nyumba ya achimwene? Akuti ili ndi bafa m'kati momwemo. Komatu Mulungu amakweza ofatsa. Miyezi yochepa yomweyi azungu awakhulupirira chonchi."

"Si azungu, ndi Aluya. Ndipo nyumbayo ndakhalamo ine zaka zitatu."

"Ndiye anakuchotsanimo chifukwa chiyani?"

Ndinadula foni n'kunamizira netiweki. Ine zaka zitatu sindinatumizepo chithunzi, poopa kuti achibale aziti ndalemera. Tsopano ulemu wonse unali utapita kwa munthu wobwera dzulo, ndipo apongozi anga ankauza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo ali ndi nyumba ku Qatar pomwe mkamwini akadali dalaivala.

Lachinayi lililonse ndinkapititsako banja la bwana, n'kugona mu tenti ya antchito mpaka Loweruka. Ndinkatsika m'galimoto maso ali pa ntchito, kusaka cholakwika. Ndinkanunkhiza pafupi ndi thanki la kuchimbudzi, osamva kanthu. Ndinkagwira botolo m'filiji, lili zii. Alamu anali atasesa bwalo lonse, m'chipululu momwemo, mizere ya tsache ikuoneka ngati pakhomo pa mphunzitsi wamkulu, n'kundandalika miyala m'mbali mwa kanjira kopita ku tenti yochezera. Ndinawaseka kuti kodi mchenga wa Qatar yense mumaliza liti kusesa, koma bwana anajambula miyalayo n'kutumizira abale ake. Ndikamamva akuwaitana kuti sadiki, kutanthauza bwenzi, tiyi ankandiwawa m'kamwa. Ine zaka zonsezi ndinali dalaivala basi.

Loweruka pochoka, tikafika pa kachitunda, ndinkayang'ana pagalasi. Kachivundikiro kaja kankaoneka katayasama padenga. Ndinkangoponda mafuta. Masabata anayi anadutsa mphepo ili yaulesi, fumbi lolowa linali lochepa loti mtsikana wantchito wa madamu ankangolikuntha osanena kanthu. Ndinafika poyang'ana zanyengo pafoni katatu patsiku, ngati mlimi wodikira mvula yobzalira.

Inabwera Lachiwiri lina masana. Ndinali ku Al Sadd, m'galimoto, kudikira mayi ake a bwana kunja kwa chipatala. Kumwamba kunasanduka kofiirira, mapepala anayamba kuuluka mumsewu, nyumba zazitali zinazimirira m'fumbi. Foni inalira.

"Alamu, kuno kwaipa. Chinsalu chija ndapinda. Jenereta ndazimitsa, ndaifunditsa. Mipando ndalowetsa, gasi ndatseka, mawindo onse ndatseka. Zingwe za tenti ndakunga. Pali china chimene ndaiwala?"

Ndikukumbuka kuti ndinayang'ana chiwongolero. Yankho linali pakamwa penipeni, mawu ochepa chabe.

"Ayi alamu, mwamaliza zonse. Khalani m'kati."

"Zikomo alamu. Mulungu akudalitseni."

Patapita ngati ola mvula inayamba, ya madontho akuluakulu odzaza matope, yomwe imadetsa galimoto m'malo moitsuka. Foni inaliranso. Ndinaiyang'ana mpaka inasiya. Inalira kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Ndinaitembenuza pampando n'kukweza wailesi. Ndikanakonda kunena kuti mtima unkandigunda ndi chisoni, koma ayi. Ndinkaganiza zoti mabulangete anga ndiwachapenso kapena akadali bwino.

Lachinayi tinafika pamsasa dzuwa likupendeka. Misasa ina inali itagwa matenti, koma wathu unali chilili, bwalo losesedwa kale. Chachilendo chinali padenga la kalavani chakumbuyo: panali lona womangidwa ndi zingwe kuzungulira nyumba yonse, pamwamba atatsindira ndi matumba a mchenga. Alamu anabwera kudzatichingamira akutsimphina, chikhato chakumanja atakulunga ndi kansalu.

Madamu analowa m'nyumba, ndipo tinamva chitseko chokoka chija chikutseguka. Kenaka anaitana mwamuna wake ndi mawu amene sindinawamvepo. Bwana analowa, n'kutuluka nkhope itasintha.

"Bwerani kuno nonse awiri."

Tinaima pabalaza. Kudzera pakhomo lotsegukalo chipinda chinkaoneka chonse. Bedi linali litakwiririka ndi mchenga wonyowa umene unali utayamba kuuma n'kuchita ming'alu. Mapilo anali ofiira, makatani othimbirira, madiresi a madamu amene anali pa hang'ala ataumirira matope. Kudenga kunali bowo, chivundikiro chitapita ndi mphepo. Alamu ananjuta pansi pafupi ndi sinki, maso ali kumbali, osayang'ana n'komwe kuchipindako.

"Mufunse," anatero bwana. "Masiku awiri. Chitseko ichi sichikhomedwa. Bwanji sanatseke? Bwanji sanachotse ngakhale zovala?"

Womasulira ndinali ine. Alamu anayankhula motsitsa, manja ali pamodzi.

"Auzeni abwana kuti ndalakwa. Ndinamva chinthu chikumenya padenga, nditatuluka ndinaona chikuuluka. Ndinakwera pamakwerero akumbuyo ndi lona, mphepo inandigwetsa kamodzi, ndinakweranso mpaka ndinamanga. Koma mvula inali italowa kale."

"Nanga m'katimo?" anafunsa bwana nditamasulira.

"M'katimo ndi mogona iwo ndi amayi. Kwathu munthu wamkulu salowa kuchipinda kwa eni nyumba. Ndinaima pakhomopo, dzanja linakana. Ndinati bola andikalipire chifukwa cha mchenga kusiyana n'kuti ndikagwire zofunda za amayi."

Za mafoni anayi aja sanatchule. Ine ndinamasulira mawu awo onse mokhulupirika, osachotsa kapena kuwonjezera, chifukwa ndinali wotsimikiza kuti m'Chingerezi amveka ngati uchitsiru. Ndinawonjezera kakuseka pang'ono kumapeto, kuti bwana aone kuti si Amalawi tonse amene tili otsalira chonchi. Bwana sanaseke. Anawayang'ana alamu nthawi yaitali, kenaka anayankhula ndi madamu m'Chiarabu, motsitsa.

Apa ndi pamene ndikanatseka pakamwa. Koma ndinkaona ngati chigoli chili poyera, ndipo ndinafuna kumaliza.

"Bwana, n'zosavuta, ndikuonetseni," ndinatero, ndili kale m'chipindamo. Sindinagogode, sindinapemphe. Ndinagwada pakona ya bedi pamene matiresi salowa pansi, dzanja n'kupeza kachogwirira kaja osayang'ana n'komwe. "Mumangozunguliza apa kasanu, kenaka kukankha kachitsulo aka. Ine ndinkatseka Loweruka lililonse. Musadandaule madamu, ndikonza ine zonsezi. Zofunda zoyera zili pansi apa, mumanyamula matiresi mbali iyi. Koma pokuntha tisamale kumutu kuno, kukhomaku. Mchenga umakonda kubisala mumpata uwu, ndiye ukagona umakukanda pakhosi mpaka kucha."

Ndinamva ndekha mawu omalizawo akutuluka. Madamu anakoka mpango wake kuphimba nkhope n'kutuluka panja. Bwana anali ataima pakhomo, ndipo ankayang'ana bondo langa limene linali pa bedi lake. Ndinalitsitsa pang'onopang'ono.

"Umakukanda pakhosi," anabwereza bwana.

"Ndikutanthauza kuti, bwana, munthu akhoza kuganiza kuti..."

"Tuluka."

Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Madzulo amenewo banja linagona mu tenti yochezera. Chipinda anakonza mtsikana wantchito ndi madamu mwini wake, ndipo matiresi anawatulutsa n'kuwaimika kuseri, akuti apite kotaya. Sanali oonongeka kwenikweni, akanauma padzuwa tsiku limodzi. Tonse tinadziwa kuti sakutayidwa chifukwa cha mvula.

Lachisanu lonse bwana sanandiyankhule. Anatuma m'bale wake kukagula chivundikiro china, chokhala ndi chipewa pamwamba choti mvula ndi mchenga zisamalowe ngakhale chili chotsegula, ndipo bwanayo anakwera yekha padenga, alamu akumupatsira misomali ya sikulu ndi dzanja lawo labwinolo. Ndinkawamva akuseka, anthu awiri opanda chinenero chimodzi. Masana bwana anawamasula kansalu kaja, n'kuwatsuka bala ndi mankhwala a m'bokosi lake. Ine ndinakhala kuseri kwa Landa Kuruza, ndikupukuta galasi limene linali loyera kale.

Mu tenti yathu ndinkayembekeza kuti alamu andifunsa. Ndinali nditakonza mayankho: foni inali pa sailenti, ndinali ndi gogo, mayi ake a bwana, m'chipatala, kazenerako ndinangoiwala. Iwo anawiritsa tiyi n'kundithirira ine poyamba. Anandifunsa ngati oyilo wa jenereta asinthe sabata ino kapena yamawa. Ndinawayankha mokalipa kuti yamawa, n'kuwatembenukira msana. Ndinkafuna anditukwane, tikangane, kuti nanenso ndipeze ponena kuti awa ndi munthu ngati ine. Sanandipatse mpata umenewo, ndipo ndinawada nazo.

Loweruka, katundu atalowa m'galimoto, ana atakhala kale m'mipando, bwana anandiitana pafupi ndi chitseko cha kalavani. Alamu anali pomwepo.

"Uli ndi kiyi wina wa nyumbayi."

Sikunali kufunsa. Ndinali nayedi, pa mphete imodzi ndi makiyi a galimoto, chiyambire chaka choyamba.

"Mupatse."

Mphetezo n'zolimba, ndipo zikhadabo zanga zinali zazifupi. Ndinalimbana nayo pamaso pawo, kiyi akukana kutuluka, bwana akudikira, madamu akuyang'ana kumbali m'galimoto. Atatuluka ndinawapatsira alamu ndi dzanja limodzi. Iwo analandira ndi manja awiri, bondo litapinda, ngati ndikuwapatsa mphatso.

"Muuze," anatero bwana, "kuti chaka chino, chaka chamawa, nthawi yonse imene ali ku Qatar, msasa ndi wake. Inshallah, Mulungu akalola."

Ndinawamasulira zimenezonso, liwu ndi liwu. Ndi ntchito yowawa kwambiri imene pakamwa panga panagwirapo.

"Athokozeni abwana," anatero alamu. Kenaka anatsitsa mawu, kuti zikhale za awirife. "Alamu, musadandaule za kumudzi. Mlongo wanga sindimuuza chilichonse. Ngakhale za foni zija."

Ndinayang'ana nkhope yawo kusaka chipongwe, koma munalibe. Ankadziwa kuyambira Lachiwiri, ndipo anakhala nazo masiku onsewo akundithirira tiyi.

Ntchito sanandichotse. Ndikuyendetsabe ana kusukulu ndi gogo kuchipatala, ndipo Lachinayi la nyengo yozizira ndimapititsa banja kuchipululu. Ndikafika ndimatsitsa katundu n'kumusiya pa masitepe a kalavani, alamu ndi amene amalowetsa. Palibe anandiuzapo kuti ndisamalowe, koma palibenso anandiuzapo kuti lowa. Nsanje sinathe, ndisakunamizeni, imabwera chaka chilichonse pamodzi ndi kuzizira. Alamu akadagonabe pa kabedi kopapatiza kaja, ndipo amati n'kabwino kwambiri.